Mizere ya Eni, Mitundu Yathu: Mabuku Ochekenira a Akuluakulu ndi Imfa ya Roger Ackroyd

Kumayambiriro kwa chaka cha 2016, kampani ya Faber-Castell ku Stein, kufupi ndi mzinda wa Nuremberg m'dziko la Germany, inachita kuwonjezera maola a ntchito pafakitale yake. Kampaniyi inayamba kupanga mapensulo mu 1761, ndiye si anthu oti angadzidzimuke ndi oda yaikulu. Koma nyengo imeneyo mapensulo amitundu anthu ankachita kulimbirana m'masitolo, ndipo makina sankakwanitsa kubweza zomwe zinkatha. Ogulawo sanali ana asukulu ayi. Anali anthu a ndevu zawo, amayi a ana awo, omwe akaweruka kuntchito ankakhala patebulo, kusongola pensulo, n'kuyamba kudzaza mitundu m'timasamba ndi timaluwa tojambulidwa ndi munthu wina.

Ambirife mawu oti kuchekenira amatikumbutsa Sitandade 1. Aphunzitsi ajambula bakha pabolodi, ife takhala pansi miyendo tatambalala, tikulandirana chekeni ana asanu. Ukakwera makalasi zimenezo umazisiyira ang'ono ako. N'chifukwa chake ziwerengero za malonda a mabukuwa zimadabwitsa. Bungwe la Nielsen, lomwe linkawerengera mabuku ogulidwa ku America, linapeza kuti mu 2014 mabuku ochekenira anagulidwa pafupifupi 1 miliyoni, koma mu 2015 anafika 12 miliyoni. M'chaka chimodzi chokha.

M'nkhani ino ndiunika buku limene linayatsa moto umenewu, Secret Garden la Johanna Basford, pamodzi ndi nthano yaitali yofufuza mlandu wakupha, The Murder of Roger Ackroyd ya Agatha Christie. Wina anena kuti ndatsekera mbuzi ndi nkhunda m'khola limodzi. Ine ndimawaika pashelefu imodzi, chifukwa onse awiri amagwira munthu mofanana: mwini buku amalemba mizere, n'kusiya malo oti wogula adzazemo yekha. Ubwino kapena kuipa kwa buku lotere kumaonekera pa malo osiyidwawo.

Munda wa Basford

Johanna Basford anabadwa mu 1983 ndipo anakulira ku Aberdeenshire m'dziko la Scotland, komwe makolo ake ankaweta nsomba. Agogo ake aamuna anali mkulu wa osamalira maluwa pa Brodick Castle, pachilumba cha Arran, ndipo ali mwana ankapita kumeneko patchuthi. Anaphunzira luso lojambula zodinda pansalu pa Duncan of Jordanstone mumzinda wa Dundee, n'kumaliza mu 2005. Kampani yosindikiza mabuku ya Laurence King ku London itaona zojambula zake pa intaneti inamupempha kuti apange buku la ana. Iye anati ayi, tipange la akuluakulu. A kampaniwo anavomera monyinyirika, ndipo mu 2013 anasindikiza makope 16,000 okha. Pofika mwezi wa Epulo 2015 bukulo linali litagulidwa kuposa 1 miliyoni, ndipo ilo ndi mng'ono wake Enchanted Forest anakhala pamwamba penipeni pa mabuku oyenda malonda pa Amazon. Ku South Korea linatchuka kwambiri woimba wina wodziwika, Kim Ki-bum, ataika pa Instagram tsamba lomwe anachekenira. Ku China nako anthu analigula mamiliyoni.

Mukalitsegula mumapeza masamba 96 a inki yakuda papepala loyererako. Zonse anajambula pamanja, poyamba ndi pensulo kenako n'kudutsamo ndi cholembera chosongoka. Muli mitengo yomwe nthambi zake zadzaza tsamba lonse, nkhata za maluwa, mipanda ya munda, kadzidzi wopangidwa ndi timasamba, tinjira tosokoneza toti muzilondola ndi chala. Mwabisala njuchi, agulugufe ndi tizilombo tina toti muzisaka, ndipo kumapeto kuli mayankho osonyeza pomwe chilichonse chabisala. Masamba ena anawasiya dala osamaliza, nthambi ili yokha, kuti masamba ake muphukitse ndinu.

Chimene ndimalikondera ndi dzanja la munthu lomwe limaoneka mumzere uliwonse. Timasamba sitifanana ndendende. Kena kapindikira uku, kena kafupika, monga zimakhalira kudimba. Mabuku ambiri omwe anatuluka pambuyo pake, pamene aliyense anathamangira malondawa, anali a kachithunzi kamodzi kobwerezedwa ndi kompyuta kambirimbiri. Diso limatopa nawo msanga, chifukwa ukachekenira kagawo koyamba wadziwa kale zonse zotsala. Kwa Basford sizitero. Ukamaliza duwa lina, loyandikana nalo limakufunsa funso latsopano: kodi ndikhale wofiira ngati mnzangayu, kapena unditalikitse naye?

Zilema zake nazo zilipo, ndipo wounika buku lotere ayenera kuyamba kuligwira ndi zala asanaliyamikire ndi maso. Zithunzi anazisindikiza mbali zonse ziwiri za pepala. Mukagwiritsa ntchito cholembera cha inki yambiri, inkiyo imatha kulowerera n'kukaononga chithunzi chakuseri, choncho mapensulo ndiwo amayenera. Zithunzi zina zimayenda kuchoka tsamba lakumanzere mpaka lakumanja, ndiye pamsoko pa buku pamakhala kadera komwe pensulo siifika bwino pokhapokha mutalikanikiza mpaka kulithyola msana. Komanso timipata tina ndi tating'ono zedi, toti munthu wa maso ofooka kapena wa manja onjenjemera angopsa nato mtima. Kampani ya Laurence King inamva madandaulowa, ndipo mu 2015 inatulutsa kope lina la zithunzi 20 zokha, papepala lokhuthala, mbali imodzi, loti mukhoza kung'amba bwinobwino n'kupachika pakhoma. Amene amakonda nyama kuposa maluwa angayese Animal Kingdom la Millie Marotta, lomwe linatuluka mu 2014, ngakhale nalo lili ndi timizere tothinana.

Basford sanali woyamba kupangira akuluakulu buku lotere. Mu 1961 ku America kunatuluka The Executive Coloring Book, loseka mabwana a m'maofesi omwe amavala mofanana ndi kuganiza mofanana, ndipo mu 1977 kunabwera The Anatomy Coloring Book la Wynn Kapit ndi Lawrence Elson, lomwe ophunzira zaudokotala ndi unamwino akuligwiritsabe ntchito poloweza mafupa ndi mitsempha. Ku France kampani ya Hachette inayamba mu 2012 kugulitsa mabuku ochekenira powalemba pachikuto kuti ndi othetsa nkhawa. Mawu amenewa ndi amene anagulitsa malonda, ndipo ndi ofunika kuwayeza.

Kodi n'zoona kuti kuchekenira kumatsitsa mtima pansi? Mu 2005 Nancy Curry ndi Tim Kasser a pa Knox College ku Illinois anatenga ophunzira 84 n'kuwauza kuti alembe za nthawi imene anachitapo mantha kwambiri, cholinga chowadzutsira nkhawa. Atatero anawagawa patatu. Ena anapatsidwa mandala, chojambula chozungulira chokhala ndi zigawo zobwerezabwereza. Ena anapatsidwa pepala la mizere yopingasana ngati ya pansalu. Otsalawo anapatsidwa pepala lopanda kanthu kuti ajambule chomwe akufuna. Patatha mphindi 20, nkhawa inatsika kwambiri mwa magulu awiri oyamba aja kusiyana ndi a pepala loyera. Apa ndi pamene pali nkhani. Ufulu wonse sunathandize kwenikweni. Chinathandiza ndi malire. Pepala loyera limakufunsa kuti ndiwe yani, ungathe chiyani, ndipo munthu wa mtima wosweka kale safuna mafunso otero. Mzere wojambulidwa kale umangoti dzaza apa, ukatha upite apo.

Agogo athu sakanadabwa nazo zimenezi. Munthu akamatong'ola chimanga pakhonde, kuswa mtedza, kusankha mpunga m'lichero kapena kuluka mphasa, manja amadziwa okha ntchito yawo, ndipo mutu umapeza mpata wopuma. Mayi amene walandira uthenga wovuta nthawi zambiri sakhala chete manja ali pamiyendo, amatenga lichero. Anthu a ku London ndi ku Seoul, omwe ntchito yawo ndi yoyang'ana kompyuta tsiku lonse ndipo madzulo akuyang'ananso foni, analibe lichero lawo. Analipeza m'buku la Basford. Ndipo ntchito yamanja ili ndi mphoto yomwe ntchito za muofesi zimamana: umaona ndi maso kuti pamene panali poyera tsopano pali chobiriwira, ndipo wachita ndiwe.

Koma tisakokomeze. Bungwe la American Art Therapy Association linachenjeza kuti kuchekenira pawekha si chimodzimodzi ndi thandizo lomwe katswiri wophunzitsidwa amapereka kwa wodwala maganizo pogwiritsa ntchito zojambula. Ndikugwirizana nawo kwathunthu. Kafukufuku wa ku Knox College anayeza mphindi 20 mwa ophunzira omwe anangowadzutsira nkhawa kwa kanthawi. Munthu amene wakhala milungu osagona, osafuna kudya, akuona kuti moyo ulibe tanthauzo, akufunika chipatala ndi abale, osati bokosi la mapensulo. Ndimaipidwa ndi zikuto zomwe zimalonjeza machiritso kuti zigulitse mapepala.

Otsutsa ena amabwera ndi mbali ina. Viktor Lowenfeld, katswiri wa kaphunzitsidwe ka luso yemwe buku lake lotchuka linatuluka mu 1947, ankadana ndi mabuku ochekenira ngakhale kwa ana, ponena kuti amapha luso la mwana lodzipangira zakezake. Mu 1978 Susan Striker anatulutsa The Anti-Coloring Book potsatira maganizo omwewo. Pamene akuluakulu anayamba kuchekenira, olemba nyuzipepala ena anati uku ndi kuthawa ukulu, kubwerera ku ubwana. Pa za ana Lowenfeld anali ndi mfundo: mwana amafunika pepala loyera lambiri. Koma pa za akulu sindikuvomereza. Woimba kwaya amaimba nyimbo yopeka wina, ndipo palibe amati wataya luso. Maenje a bawo ndi 32 lero ndi mawa, sasintha, koma amuna aimvi amathera tsiku pabawo osabwereza masewero amodzi. Perekani tsamba limodzi la Secret Garden kwa anthu khumi, mudzalandira minda khumi.

Pensulo ina, ya mu 1924

Chipwirikiti cha 2015 chinali ndi mkulu wake. Mu 1913 Arthur Wynne anasindikiza m'nyuzipepala ya New York World masewera odzaza zilembo m'timabokosi, omwe Azungu amati crossword. Mu 1924 anyamata awiri, Richard Simon ndi Max Schuster, anasonkhanitsa masewerawa m'buku, n'kumangirirapo pensulo pa kope lililonse. Linali buku loyamba la kampani ya Simon & Schuster, ndipo anthu analilimbirana monga momwe zidzukulu zawo zinadzalimbiranira mapensulo amitundu. Timabokosi topanda kanthu, malire ojambulidwa kale, pensulo m'manja. M'zaka zomwezo ku Britain kunakula mtundu wina wa nthano womwe unkaseweredwa chimodzimodzi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangotha mu 1918, itapha asilikali a ku Britain oposa 700,000. Pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi mayina ake pamwala wachikumbutso. Mungayembekeze kuti anthu otero sangafunenso kumva za imfa. Koma ankagula nthano za kupha, zamtundu wapadera: imfa imodzi, m'nyumba imodzi, oganiziridwa owerengeka, ndipo pamapeto pake chifukwa chimadziwika. Kunkhondo anthu ankafa chisawawa popanda wofotokoza. M'nthanozi imfa inali ndi mwini wake, ndipo ankapezeka. Wolemba wina, Alison Light, anadzati awa anali mabuku a anthu omwe akuchira.

Agatha Christie, wobadwa mu 1890 ku Torquay, anaiona nkhondoyo ndi maso ake. Anagwira ntchito yosamalira asilikali ovulala, kenako anasamukira kuchipinda chosakanizira mankhwala, komwe anaphunzira za poizoni zomwe zinadzadzaza mabuku ake. Ku Torquay kunali anthu othawa nkhondo ochokera ku Belgium, ndipo n'kumene anatenga Hercule Poirot, wapolisi wopuma ntchito wa ku Belgium, wamfupi, wa mutu ngati dzira, wonyadira ndevu zake zapamlomo. Poirot anayamba kuonekera mu 1920 m'buku la The Mysterious Affair at Styles. Christie anamwalira mu 1976 atalemba nthano zaitali zofufuza milandu 66.

Nthano zimenezi zinali ndi malamulo ake, ndipo mu 1929 wansembe wa Katolika Ronald Knox, yemwenso ankazilemba, anaika malamulo khumi papepala. Wakuphayo akhale munthu amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani. Pasakhale poizoni wosadziwika kwa asayansi. Wofufuza asapeze yankho mwangozi, ndipo chizindikiro chilichonse chomwe watola achionetse kwa wowerenga. Lamulo lomwe limandikhudza kwambiri ndi loletsa zamizimu. M'nthano zotere mulibe kuombeza ula, mulibe kuloza mfiti, mulibe maloto oulula wolakwa. Munthu akafa, funso ndi lakuti ndani anali kuti, nthawi yanji, ndipo ndani akunama. Timadziwa misozi imene imagwa nkhalamba ikalozedwa chala pamaliro popanda umboni, ndipo nthano imene imaphunzitsa mtima kudikira umboni si yachabe. Kwenikweni nthanoyi ndi ndagi yaitali. Woponya ndagi sanama. Zonse zofunika amazinena poyera, kungoti amazinena mokhotetsa, ndipo wolephera amapereka ng'ombe akuseka, chifukwa akamva yankho amaona kuti linali pamphuno pake.

Usiku wa Lachisanu ku Fernly Park

The Murder of Roger Ackroyd linatuluka mu Juni 1926 ku kampani ya William Collins. Nkhani ikuchitikira m'mudzi wopeka wa King's Abbot, ndipo akutisimbira ndi dokotala wa m'mudzimo, James Sheppard, yemwe amakhala ndi mlongo wake Caroline. Mayi wamasiye wolemera, Mayi Ferrars, wapezeka atafa atamwa mankhwala ogonetsa opitirira muyeso. Madzulo ake mkulu wachuma wa m'mudzimo, Roger Ackroyd, yemwe ankafuna kuwakwatira, akuitanira dokotalayo kunyumba kwake ku Fernly Park n'kumuululira zomwe mayiwo anamuuza: anapha mwamuna wawo ndi poizoni, ndipo munthu wina amene ankadziwa chinsinsicho wakhala akuwadyera ndalama powaopseza kuti aulula. Ali mkati mokamba, kalata ya mu envulopu yabuluu ikufika, yolembedwa ndi malemuwo asanafe, ndipo dzina la woopsezayo lili momwemo. Usiku womwewo Ackroyd akupezeka pampando wa m'chipinda chake chowerengera, mpeni wa ku Tunisia uli m'khosi. Chitseko n'chokiya mkati, zenera n'lotsegula, kalata ija yasowa.

Oganiziridwa ndi a m'nyumba momwemo. Pali Ralph Paton, mwana womupeza wa Ackroyd, wangongole zambiri, yemwe wasowa usiku womwewo ndipo mapazi a nsapato zonga zake apezeka pazenera. Pali mlamu wake wamasiye ndi mwana wake Flora, omwe amadya za Ackroyd koma amalira ndi kuumira kwake. Pali mlembi Geoffrey Raymond, mlendo wosaka nyama Major Blunt, wantchito wamkulu Parker yemwe amakonda kumvetsera pazitseko, woyang'anira nyumba Miss Russell, ndi mtsikana wantchito Ursula Bourne. Poirot naye ali m'mudzimo mosadziwika, wapuma ntchito, akulima maungu kuseri kwa mpanda wa dokotala. Amakumana koyamba pamene Poirot, atakwiya ndi dzungu lina, akuliponya kudumphitsa mpanda n'kutsala pang'ono kumugenda nalo mnzakeyo. Flora ndi amene akumupempha kuti alowererepo.

Apa ndi pomwe ntchito ya wounika imasiyana. Buku la Basford ndikhoza kukuonetsani tsamba lililonse osakulandani kanthu. Ili ndikangotchula dzina limodzi ndakuberani buku lonse. Choncho dzinalo sinditchula. Ndingonena mmene mizere yake inajambulidwira.

Christie amakupatsani zonse. Amakujambulirani mapu a nyumba ndi a chipinda chomwe munafera munthu. Amakuuzani kuti mpando wina wamsana wautali unasunthidwa kuchoka kukhoma, ndipo Poirot amabwerera ku mpandowo kangapo, mpaka mumadziwa kuti ndi wofunika, koma simuona kufunika kwake. Amakuuzani za foni yomwe inaitana dokotala usiku, yomwe Parker akukana kuti sanaimbe, ndipo apolisi apeza kuti inachokera kusiteshoni ya sitima. Mawu a Ackroyd anamveka kuseri kwa chitseko nthawi ya 9:30. M'dziwe la nsomba muli mphete yaukwati. M'kanyumba kopumira kumunda muli kachidutswa ka nsalu ndi nthenga ya tsekwe. Tsiku lina Poirot akuwakhazika onse patebulo n'kuwauza m'maso kuti aliyense wa iwo akumubisira kanthu, ndipo palibe amene akudzutsa mutu. Zinsinsizo zimatuluka chimodzichimodzi, wina anaba ndalama, wina anakwatira mobisa, wina ali ndi mwana amene dziko silimudziwa. Chilichonse chikatuluka, kagawo kamodzi ka chithunzi kadzazidwa, ndipo malo oyera akucheperachepera.

Wowerenga amachekenira yekha. Amaona munthu wamanjenje n'kumupaka mtundu wa wolakwa. Amaona wina waulemu n'kumupaka woyera. Christie sananame paliponse, mitunduyo mwasankha ndinu, ndipo luso lake lonse lagona podziwa pensulo imene dzanja lanu lidzathamangire. Bukuli litatuluka ena anakwiya, amvekere watinyenga. Dorothy L. Sayers, mnzake pa luso lomweli, anamuikira kumbuyo ponena kuti ndi udindo wa wowerenga kukayikira aliyense. Mkanganowo sunathe. Mu 1998 Mfalansa wina, Pierre Bayard, analemba buku lathunthu lonena kuti Poirot analoza munthu wolakwika. Mu 2013 mamembala a Crime Writers' Association ku Britain anavotera bukuli kuti ndi lopambana mwa nthano zonse za milandu.

Munthu amene ndimamukonda koposa m'bukuli si Poirot, ndi Caroline Sheppard. Satuluka m'nyumba kawirikawiri koma amadziwa zonse za m'mudzi, kudzera kwa wobweretsa mkaka, kwa antchito a m'nyumba za ena, kwa odwala omwe amawaona pazenera akulowa kwa mchimwene wake. Mudzi uliwonse uli naye mayi wotere, amene uthenga umamupeza usanafike kwa mfumu. Mutu wina wonse ndi wa anthu anayi akusewera mah jong, masewera ochokera ku China omwe anali atatchuka nthawi imeneyo, uku akudya miseche ya mlanduwo. Ukamawerenga umangoseka, osadziwa kuti pakati pa misecheyo padutsa mfundo zenizeni. Christie anadzanena yekha kuti Caroline ndiye anabala maganizo a Miss Marple, gogo wofufuza milandu yemwe nthano yake yaitali yoyamba inatuluka mu 1930.

Pali chimene chimandisowetsa mtendere m'bukuli, ndipo sindichibisa. Ackroyd saliridwa ndi munthu. Bambo wa nyumba wabayidwa, koma mulibe siwa, mulibe kugona pamaliro, mulibe ngakhale mmodzi amene mawu akumutsamwa pakhosi kwa nthawi yaitali. Kukacha abale ayamba kale kufunsa za chuma chamasiye. Kwa ife amene tinakulira kumene maliro amaimitsa mudzi wonse, kuzizira kumeneku kumabaya. Antchito a m'nyumba nawo amaonedwa ndi diso la mabwana, ngati anthu oyamba kuwakayikira ndi omaliza kuwamvera. Raymond Chandler, wolemba wa ku America, anadandaula mu 1944 kuti nthano za Angelezi zotere si za anthu enieni ophana pa zifukwa zenizeni. Chaka chotsatira Edmund Wilson analemba mu The New Yorker nkhani yomwe mutu wake unkafunsa kuti ndani amasamala za amene anapha Roger Ackroyd, ndipo anati kuwerenga mabukuwa ndi chizolowezi chopanda pake, chapakati pa kusuta fodya ndi kudzaza timabokosi ta crossword.

Chandler ananena zoona pa mbali ya magazi ndi misozi. Amene akufuna kumva kulemera kwa imfa asayambire kwa Christie. Koma Wilson, pofanizira ndi timabokosi tija, anagwira mfundo yeniyeni n'kuitaya. Anthu amene anataya ana awo kunkhondo mu 1916 sankafunika wina wowaphunzitsa kulira. Ankafuna maola atatu omwe mafunso ali ndi mayankho. Nayenso Christie chaka cha 1926 chinamuwawa: mayi ake anamwalira mu Epulo, mwamuna wake anamuuza kuti akufuna mkazi wina, ndipo mu Disembala anasowa masiku 11 mpaka anakapezeka kuhotela ina ku Harrogate. Anapitiriza kulemba nthano za dongosolo kwa zaka pafupifupi 50 pambuyo pake. Ndipo masamba omaliza a bukuli, pomwe zonse zaululika, si ozizira konse. Muli chisoni chachete chomwe chimakutsatira ukatseka buku, makamaka ukaganizira amene adzatsale m'mudzimo osadziwa zoona zake.

Malonda a mabuku ochekenira anayamba kutsika pofika 2017, masitolo atadzaza ndi mabuku ofanana. Basford, yemwe analandira ulemu wa OBE mu 2016, akujambulabe, ndipo Secret Garden likugulitsidwabe. Koma ndi buku la ulendo umodzi. Tsamba mukalidzaza ladzaza, chotsala ndi kulionetsa anzanu kapena kugula kope lina. The Murder of Roger Ackroyd ndi la maulendo awiri, ndipo wachiwiriwo ndi umene ndimaukonda. Mukadziwa dzina lija, bwererani kutsamba loyamba. Ziganizo zomwe munazidutsa mothamanga zimatembenuka n'kuonetsa nkhope ina, mawu ali omwewo, palibe chilembo chasintha. Paulendo umenewu khalani ndi pensulo, ndipo mukafika pa usiku wa Lachisanu ku Fernly Park muzilemba m'mphepete mwa tsamba nthawi iliyonse imene yatchulidwa, kuyambira pamene Parker akulowa ndi envulopu yabuluu ija.